Zoyenera Kudziwa ndi Kuchita Foni Ikakudyerani Ndalama Muli Kunja kwa Dziko

Unduna ukudziwitsa alimi, amalonda odutsa malire ndi anthu onse ogwiritsa ntchito foni za m'manja kuti munthu amene wadulidwa mayunitsi, kapena walandira bilu yaikulu mosayembekezera chifukwa chogwiritsa ntchito foni yake kunja kwa dziko lino, ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake ndi kupereka dandaulo. Ambiri satero. Ena amangoti zagwa zatha. Ena amakakalipira wogulitsa mayunitsi wa pamsika amene nkhaniyo siyikumukhudza, pamene ena amapita ku ofesi ya kampani chimanjamanja, ali ndi mkwiyo wokhawokha, n'kubwerako osathandizidwa.

Choyenera kumvetsa poyamba n'chakuti ndalama kuchuluka ndi ndalama kudulidwa molakwika ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kuyimba foni muli kunja n'kokwera mtengo, ndipo kukwera kokhako si chifukwa choti munthu abwezeredwe. Chimene chimabwezetsa ndalama ndi umboni wosonyeza kuti zimene kampani yalemba sizikugwirizana ndi zimene zinachitika, kapena ndi mtengo umene kampaniyo inalengeza. Kuti munthu apeze umboni wotere, ayenera kudziwa kaye mmene ndalamazi zimawerengedwera.

Zimene zimachitika SIM ikawoloka malire

Nsanja za Airtel Malawi ndi TNM zili m'dziko lino mokha. Wamalonda akadutsa pa chipata cha Mchinji kulowa Mwami pa ulendo wa ku Chipata, foni yake imasiya nsanja zakwathu n'kuyamba kufunafuna za ku Zambia, monga za MTN, Airtel kapena Zamtel. Wodutsa pa Dedza, Mwanza, Muloza kapena Chiponde amakumana ndi Vodacom, Movitel ndi Tmcel za ku Mozambique, ndipo wowoloka mtsinje wa Songwe popita kukapikula katundu ku Kariakoo amalowa m'manja mwa makampani a ku Tanzania. Ngati kampani yanu ili pa mgwirizano ndi ina mwa makampani amenewa, ndipo SIM yanu ndi yololedwa kutero, foni imagwira netiweki ndipo nambala yanu ya +265 imapitiriza kugwira ntchito ngati kuti simunachoke. Izi ndi zimene amazitcha roaming.

Kampani ya kumeneko siyikuthandizani mwaulere. Imalemba foni iliyonse imene mwayimba, nthawi imene yatenga, uthenga umene mwatumiza ndi intaneti imene mwagwiritsa ntchito, kenaka imatumiza kaundulayo ku kampani yanu ya kuno kuti ilipire. Makampani awiriwa amalipirana mu ndalama zakunja, ndipo kampani ya kuno imawonjezerapo gawo lake isanadule inu. N'chifukwa chake mphamvu ya kwacha ikatsika, monga mmene inatsikira ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya roaming nayonso imasunthika. Mtengo umene munaudziwa pa ulendo wa zaka zapitazo musautenge ngati wa lero. Dziwaninso kuti kuona dzina lofanana ndi la kampani yanu pa foni muli ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam sikutanthauza kuti muli kwanu. Imeneyo ndi kampani ya dziko limenelo, yokhala ndi chiphaso chake, ndipo ngati pali kuchotsera kulikonse pakati pa ziwirizi, n'koyenera kufunsa musananyamuke osati kungoganizira.

Mayiko a m'bungwe la SADC akhala akukambirana kwa zaka zambiri zotsitsa mitengo imeneyi, ndipo mabungwe oyang'anira za mauthenga m'mayikowa amakumana pansi pa bungwe la CRASA. Komabe mtengo umene umadulidwa pa foni yanu ndi umene kampani yanu yalengeza pa dziko limene mwapitalo, pa tsiku limenelo.

Pothera mayunitsi mosazindikira

Chodabwitsa ambiri ndi chakuti kunja, ngakhale kuyankha foni kumalipiritsidwa. Kuno tinazolowera kuti wolipira ndi woyimba. Koma m'bale wanu wa ku Kasungu akakuyimbirani muli ku Johannesburg, iye amalipira mtengo wamasiku onse chifukwa wayimba nambala ya ku Malawi, ndipo ulendo wa foniyo kuchoka kuno kukakupezani kumene muliko umalipidwa ndi inu. Mayi amene wakhala masiku anayi pa ulendo wokagula zitenje, akuyankha ana, oyang'anira shopu ndi makasitomala, akhoza kubwerako mayunitsi atatha ngakhale sanayimbepo n'kamodzi komwe. Kulandira uthenga wa SMS kokha ndiko kawirikawiri sikulipiritsidwa.

Bandulo imene munagula kuno, kaya ya mphindi zoyankhulira kaya ya intaneti, nthawi zambiri siyigwira ntchito kunja pokhapokha itakhala yogulidwira roaming. Foni imasonyeza kuti bandulo ikadalipo, ndipo n'zoona ilipo, koma chimene chikudyedwa ndi mayunitsi. Apa ndi pamene intaneti imapweteka kwambiri, chifukwa foni zamakono zimagwira ntchito ngakhale zili m'thumba. Zithunzi ndi makanema a m'magulu a WhatsApp zimadzitsitsa zokha, Facebook imadzikonzera zatsopano, mapulogalamu amadziwonjezera. Munthu angalumbire moona mtima kuti sanatsegule intaneti, ndipo kaundula wa kampani n'kukhalanso woona. Kuyimba kudzera pa WhatsApp nako kumadya intaneti yomweyo, pokhapokha mutakhala pa Wi-Fi ya pamalo ogona kapena pa SIM ya dziko limenelo.

Pali nkhani inanso ya kawerengedwe ka nthawi. Pa mitengo ina ya roaming, kampani imawerenga mphindi yathunthu ngakhale mwayankhula masekondi ochepa. Tingoyerekeza kuti mtengo ndi K600 pa mphindi, ndipo mwayimba mafoni 10 a masekondi 20 iliyonse kufunsa ngati katundu wafika. Nthawi yonse imene mwayankhula ndi mphindi 3 ndi masekondi 20, koma zodulidwa zidzakhala za mphindi 10, zomwe ndi K6,000. Ngati kawerengedwe kameneka kanalembedwa pa mtengo umene kampani inalengeza, palibe cholakwika. Ngati inalengeza kuti imawerenga pa sekondi koma yadula pa mphindi, pamenepo muli ndi nkhani.

Chinanso chobisika ndi voicemail. Pa manetiweki ena, mukapanda kuyankha kapena mukakana foni muli kunja, foniyo imakhala itafika kale kudziko limene muliko, ndipo imatumizidwanso kuno kuti woyimbayo asiye uthenga. Maulendo awiri onsewo akhoza kulembedwa pa inu. Kuyimba ##002# musananyamuke kumachotsa kutumizidwa kwa mafoni kotereku. Ndipo amene anabwereka mayunitsi kudzera pa Kutapa kapena Pasavute akumbukire kuti ngongoleyo imadulidwa akangoika mayunitsi ena, kotero si ndalama iliyonse yosowa pambuyo pa ulendo imene yapita ku roaming.

Alimi a m'malire amene sanapite kulikonse

Gulu lofunika kuliganizira mwapadera ndi la anthu amene amadulidwa mitengo yakunja ali pakhomo pawo. Mafunde a netiweki sadziwa malire. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'mphepete mwenimweni mwa dziko la Mozambique, moti pa Lizulu kapena pa Biriwiri munthu akangowoloka msewu wasintha dziko. Ku Tsangano, ku Muloza, ku Marka m'boma la Nsanje, m'midzi ya kumalire a Mchinji, ndiponso pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu zimene zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, nsanja ya kutsidya ikhoza kukhala yamphamvu kuposa yakwathu. Foni imene yasiyidwa kuti izidzisankhira yokha netiweki ikataya nsanja yakwathu imagwira imene yaipeza. Mlimi wa mbatata ya kachewere amayimbira wogula wa ku Lilongwe ali m'munda mwake, koma kaundula n'kulemba kuti foniyo yachokera ku Mozambique.

Dandaulo la munthu wotere ndi lomveka, chifukwa sanasankhe kugwiritsa ntchito netiweki yakunja. Komabe liyenera kufotokozedwa bwino. Tchulani mudzi, mfumu yaikulu ndi msika umene muli nawo pafupi, ndipo ngati pali ena a m'deralo amene zawachitikiranso, dandaulirani limodzi kudzera ku kalabu ya alimi, kopaletivi kapena komiti ya msika. Dandaulo la anthu ambiri a malo amodzi limasonyeza kuti vuto lili pa nsanja osati pa munthu. Kuti zisabwerezenso, lowani pamene foni imasankhira netiweki, chotsani zoti izidzisankhira yokha, ndipo musankhe ndi dzanja dzina la kampani yanu. Mukhozanso kupempha kampani kuti itseke roaming pa nambala yanu ngati simuyendayenda. Ndi bwino kuzolowera kuyang'ana dzina la netiweki pamwamba pa foni musanayimbe. Likasintha, kapena pakaoneka chilembo cha R, dziwani kuti mtengo wasinthanso.

Umboni usanafufutike

Mukangozindikira kuti ndalama zapita mosadziwika bwino, musafufute kanthu m'foni. Uthenga umene umabwera mukangolowa m'dziko lina, wokulandirani ndipo nthawi zina wotchula mitengo, ndi umboni waukulu chifukwa umasonyeza tsiku, nthawi ndi zimene kampani inakulonjezani. Sungani mndandanda wa mafoni oyimba ndi olandira, mauthenga osonyeza mayunitsi amene munaika ndi amene atsala, ndiponso uthenga wotsimikiza bandulo ngati munagula ya roaming. Jambulani zonsezi kapena zikopereni m'kope, pakuti foni ikhoza kutayika kapena kuwonongeka nkhani isanathe. Chidindo cha mu pasipoti kapena pa chiphaso chodutsira pa chipata, tikiti ya basi ndi malisiti a msonkho wa katundu zimasonyeza tsiku limene munatuluka ndi limene munabwerera.

Poyerekeza nthawi, kumbukirani kuti mawotchi amasiyana. Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi yofanana ndi yathu, koma Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, Dubai ndi maola 2, ndipo Guangzhou ku China ndi maola 6. Foni imene inu munayimba m'mamawa ku Guangzhou ikhoza kuoneka pa kaundula ngati ya usiku wa tsiku lapitalo. Anthu ena amakana foni yawo yomwe chifukwa cha kusiyana kumeneku, ndipo akagwidwa pa imodzi yotere, dandaulo lawo lonse limayamba kukayikiridwa.

Amene amalipira bilu pakutha pa mwezi adziwenso kuti kaundula wochokera kunja nthawi zina amachedwa kufika, kotero mafoni a ulendo wa mwezi watha akhoza kutulukira pa bilu ya mwezi uno. Kuchedwako pakokha si kulakwa, koma yang'anani mabilu onse awiri kuti foni imodzi isalembedwe kawiri.

Kumene dandaulo limayambira

Khomo loyamba ndi kampani imene inakupatsani SIM, osati ya kudziko limene munapita. Mgwirizano wanu uli ndi ya kuno, ndipo ndi imene iyenera kufunsa inzake ya kunja. Mukhoza kuyimba ku nambala yothandizira makasitomala, koma pa ndalama zochuluka ndi bwino kupita nokha ku ofesi ya kampaniyo ndi kalata. Tengani chiphaso cha unzika. Chiyambire kalembera wa SIM, kampani imapereka tsatanetsatane wa nambala kwa mwini wake wolembedwa yekha. Ambiri amagwiritsa ntchito SIM yolembedwa m'dzina la mkazi, mwamuna, mwana kapena mnzawo, ndipo zikatere mwini dzinayo ndiye ayenera kupita, kapena mupitire limodzi.

Kalatayo ikhale yaifupi. Lembani dzina, nambala ya foni, dziko limene munapita, masiku a ulendo, ndalama zimene zinalipo ndi zimene zadulidwa. Pemphani kuti akupatseni tsatanetsatane wosonyeza foni iliyonse payokha: tsiku, nthawi, nambala, kutalika kwake, netiweki imene inagwiritsidwa ntchito ndi mtengo wake. Pemphaninso mtengo wa roaming umene unkagwira ntchito pa masiku amenewo. Mukalandira, yerekezani mzere ndi mzere ndi zimene zili m'foni mwanu, ndipo chongani mizere yokhayo imene mukuikana. Kunena kuti bilu yonse ndi yabodza pamene mafoni ena munayimbadi kumafooketsa nkhani yanu. Wonena kuti mizere itatu iyi sindikuidziwa, ndipo chidindo ichi chikusonyeza kuti tsiku limenelo ndinali nditabwerera kale, amakakamiza kampani kuyankha mfundo.

Musachoke popanda nambala ya dandaulo lanu. Lembani tsiku, dzina la amene wakulandirani ndi tsiku limene akuti mudzalandira yankho, ndipo kope la kalata yanu alidinde kuti yalandiridwa. Ngati ndinu wolipira pakutha pa mwezi, lipirani gawo limene simukulikana, ndipo nenani m'kalatamo kuti gawo lotsalalo mukulitsutsa. Kusiya kulipira bilu yonse kukhoza kutsekeretsa nambala imene makasitomala anu amakupezerani, ndipo kutayika kwa malonda kungapose ndalama zimene mukulimbanirana. Amene savutika kufotokoza pakamwa koma kulemba kumawavuta apemphe wachibale kapena mlembi wa gulu lawo kuti awalembere. Kalata ya m'Chichewa ndi dandaulo lokwanira.

Madandaulo amene ali ndi mphamvu ndi monga awa: mafoni amene mulibe m'foni mwanu ndipo nambala zake simukuzidziwa, ndalama za roaming pa tsiku limene munali kuno, mtengo wosiyana ndi umene unalengezedwa, bandulo ya roaming imene munalipira koma mayunitsi n'kudulidwabe, foni imodzi kulembedwa kawiri, ndiponso mafoni oyimbidwa pambuyo poti mwauza kale kampani kuti SIM yabedwa. Pa nkhani ya kubedwaku, nthawi ndiyo imaweruza. Zimene wakuba wayimba musanadziwitse kampani n'zovuta kuzikana, choncho foni ikatayika muli pa ulendo, bwerekani ina mudziwitse kampani tsiku lomwelo, lembani nthawi imene mwanena, ndipo tengani kalata ya apolisi a kumene zachitikirako.

Kunena kuti sindinkadziwa kuti kuyankha kumalipiritsidwa, kapena kuti foni ndinabwereka mnzanga m'basi, si umboni wa kulakwa kwa kampani. Ngakhale zili choncho, sikulakwa kupempha kuti akuchotsereniko kapena kuti mulipire pang'onopang'ono, makamaka ngati simunalandire uthenga uliwonse wokuchenjezani za mitengo. Koma limeneli ndi pempho, ndipo kuvomera kapena kukana kuli kwa kampani.

Kampani ikapanda kuyankha

Ngati tsiku limene munalonjezedwa ladutsa popanda yankho, kapena yankho lake silikukhudza mizere imene munaikana, pititsani nkhaniyo ku bungwe la MACRA. Bungweli ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani a foni, ndipo lamulo la Communications Act la 2016 limalipatsa udindo woteteza anthu ogwiritsa ntchito mautumiki amenewa. A MACRA adzafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula ku kampani, ndipo apa ndi pamene nambala ya dandaulo, kalata yodindidwa ndi yankho la kampani zimagwira ntchito. Perekani makope, zenizeni musunge.

Pamene vuto lili pa kutsatsa malonda kosocheretsa, monga kulengeza mtengo umodzi n'kumadula wina, bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso limalandira madandaulo a ogula. Bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi limapereka uphungu kwa ogula. Ngati ndalama zasowa mu Airtel Money kapena Mpamba osati pa mayunitsi, imeneyo ndi nkhani ya kayendetsedwe ka ndalama, imene woyang'anira wake ndi Reserve Bank of Malawi, ngakhale poyambira pake ndi ku kampani komweko. Khomo la bwalo la milandu limakhala lotseguka, koma munthu ayambe wayerekeza ndalama zimene akufuna kubwezeredwa ndi zimene adzawononge pa maulendo ndi masiku osiya malonda.

Chenjerani ndi akuba amene amayimba foni n'kudzitcha ogwira ntchito ku kampani, akumati akufuna kukubwezerani ndalama. Wogwira ntchito weniweni safunsa nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kubwezeredwa ndalama sikufuna kuti muyambe mwatumiza ina. Palinso nambala zachilendo zakunja zimene zimangoliza foni kamodzi n'kudula, kuti inu muyimbenso. Zina mwa nambala zimenezi n'zokwera mtengo mwadala, ndipo popeza mwayimba nokha, ndalamazo n'zovuta kuzibweza.

Amene akukonzekera ulendo afunse mtengo wa dziko limene akupita, wa kuyimba kuno, kuyimba komweko, kuyankha ndi intaneti, ndipo asunge yankholo. Alembe mayunitsi amene ali nawo asanafike pa chipata, ndipo atseke data roaming m'foni. Kwa amalonda amene amapita dziko limodzimodzi mwezi ndi mwezi, kugula SIM ya kumeneko n'kuilembetsa ndi pasipoti nthawi zambiri kumatsika mtengo. SIM ya kuno ikhoza kukhala m'foni yolowa ma SIM awiri kuti muzilandirira mauthenga a ku banki, ndipo amene wakuyimbirani mukhoza kumubwezera pa nambala inayo.